Miyezi isanu ndi itatu ndi rauta yogula kwa munthu: maloko awiri amene ndinawapeza

Mwezi wa Malichi ndinagula rauta ya Huawei B315, kachipangizo kogawa intaneti m'nyumba kudzera pa WiFi, kwa alamu anga amene anabwera nayo kuchokera ku Johannesburg, kumene anaitenga ku kampani ina ya mafoni pa mgwirizano wolipira mwezi ndi mwezi. Tsopano yatha miyezi isanu ndi itatu ikugwira ntchito m'nyumba mwathu ku Zomba, ndipo ndaona kuti nthawi imeneyi ndi yokwanira kuti ndinene moona mtima ngati ndalama ndi khama langa zinapita pabwino.

Chimene sindinkadziwa pogula n'chakuti rauta yotere imakhala ndi maloko awiri osiyana, ndipo anthu ambiri amawasokoneza. Loko yoyamba ndi pasiwedi yolowera pa tsamba loyendetsera rauta. Alamu ankakumbukira pasiwedi ya WiFi, koma ya tsamba limeneli anaiika ndi munthu wa m'sitolo tsiku logula, ndipo panalibe amene anailemba penapake. Ndinalumikiza rautayo ku kompyuta ndi chingwe, ndinalemba 192.168.8.1 pamalo olemba adiresi, tsamba linatseguka bwinobwino, koma mawu akuti admin, amene marauta a mtundu umenewu amabwera nawo kuchokera ku fakitale, anakanidwa. Nditayesa kangapo, tsambalo linayamba kundidikiritsa ndisanayesenso.

Loko imeneyi inatseguka mosavuta. Pa rautayo pali kabowo kakang'ono kolembedwa Reset, ndipo ndinalowetsamo kumbuyo kwa singano yosokera ya mayi a kunyumba, rauta ili yoyaka, n'kudina kwa masekondi pafupifupi 10 mpaka timagetsi tonse ta kutsogolo titazima. Itadzukanso, admin analoledwa, ndipo dzina la WiFi ndi pasiwedi yake zinabwerera ku zimene zalembedwa pa kapepala komatidwa pa rautayo. Amene akufuna kuchita zimenezi ayambe waona ngati kapepalako kakuwerengekabe, chifukwa ngati kanafufutika adzafunika chingwe kuti alowenso.

Loko yachiwiri ndi imene inandisowetsa mtendere kwa milungu itatu. Nditaika SIM khadi yakuno, imene ndinachita kuibwezera mu kafelemu kake kapulasitiki chifukwa rautayi imalandira khadi yaikulu yakale ija, kagetsi kanangokhala kofiira, ndipo tsamba linapempha nambala yotsegulira. Nambala imeneyi imayenderana ndi IMEI, nambala yozindikiritsa rautayo ija ya manambala 15, ndipo kudina Reset kangati konse sikuichotsa. Choopsa chake n'chakuti mwayi woyesa ndi wowerengeka. Pa 10 amene amaperekedwa, ine ndinapeza patatsala 7, kusonyeza kuti wina anayesapo kale zongoganizira, ndipo mwayiwo ukatha rauta imakana nambala ngakhale yolondola. Pa intaneti pali anthu ambiri olonjeza nambala yotere ukawatumizira ndalama, koma sindinafune kutaya mwayi wotsalawo pa nambala za anthu osawadziwa. Alamu anali atamaliza kulipira mgwirizano wawo ndipo anasunga mapepala ake, choncho iwo ndi amene anapempha nambalayo ku kampani ija monga mwini wake. Anawazungulitsa ndithu, kuwauza kuti aimbenso mawa, koma pamapeto pake nambala inabwera, ndipo inagwira pa ulendo woyamba. Nditalemba APN ya kampani yakuno, dzina limene rauta imalowera nalo pa intaneti ya kampaniyo, kagetsi kofiira kaja kanasanduka kabuluu kotuwa, kamene kamasonyeza 4G.

Ndimakhulupirira kuti pakanapanda mapepala a alamu, rautayi ikanakhala m'kabati mpaka lero. N'chifukwa chake sindingagule rauta yokhomedwa kwa munthu wopanda umboni woti ndi yake, osati chifukwa cha vuto la nambala lokha ayi, komanso chifukwa mwina kampani ikuiwerengabe ngati katundu wake, kapena inabedwa kwa wina.

Pa miyezi yonseyi, phindu lalikulu ndalipeza pa tsamba loyendetsera lija, kuposa pa liwiro la intaneti. Mu Meyi bandulo ya mwezi inatha m'masiku 12, ndipo nditayang'ana mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa ndinapeza mafoni 9, pamene m'nyumba mwathu muli 4. Mwana wathu wamkulu anali atagawira anzake pasiwedi, ndipo iwo ankakhala pa khonde la oyandikana nafe madzulo n'kumaonera mavidiyo. Ndinasintha pasiwedi, ndinazimitsa WPS, njira yolumikizira foni popanda kulemba pasiwedi, ndinaikanso malire a mwezi kuti tsamba lizindisonyeza deta ikamayandikira kutha. Rautayo ndinaikakamizanso kuti izikhala pa 4G pokha, chifukwa poyamba inkakonda kutsikira ku 3G madzulo n'kukakamira komweko. Zonsezi sizikanatheka ndikanangokhutira ndi pasiwedi ya WiFi yokha monga mmene alamu ankachitira.

Pali chinthu chimodzi chimene chikundipwetekabe mtima. Pulogalamu ya m'kati mwa rautayi ndi ya kampani ya ku South Africa ija, chizindikiro chawo chimaonekabe pa tsamba, ndipo anachotsamo malo olembera manambala oyamba ndi nyenyezi aja amene kuno timagulira bandulo ndi kufunsira zotsala. Milungu yoyambirira ndinkachita kuzula SIM khadi n'kuiika mu foni, mpaka kafelemu kaja kanathyoka pakona. Tsopano ndimagulira nambala ya rautayo bandulo kuchokera pa foni yanga, ndipo uthenga wotsimikiza ndimauwerenga pa tsamba lomwelo, pakuti mauthenga a SMS amafika bwinobwino. Mnyamata wina wokonza mafoni mumsika anandiuza kuti akhoza kufufuta pulogalamu yonse n'kuika ina yopanda malire. Ndinakana, chifukwa magetsi akazima ntchitoyo ili m'kati, kapena pulogalamuyo ikakhala ya mtundu wina, rauta ikhoza kufa osadzukanso, ndipo iye sanafune kulonjeza kuti adzandibwezera.

Mu Julaye ndinadinanso Reset nditasokoneza zina ndekha, ndili ndi mantha kuti loko ya SIM ibwerera. Siinabwerere, koma APN, pasiwedi ndi malire a deta zonse zinafufutika, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinazilemba mu kabuku kamene ndimasungira pamodzi ndi mapepala a alamu.

Za rauta yeniyeniyo ndilibe zambiri zodandaula. WiFi yake ndi ya 2.4 GHz yokha, mtundu wochedwerapo, choncho liwiro la 150 Mbps lolembedwa m'mabuku ake sindinayembekezere kuliona, koma makalasi a pa intaneti a ana ndi ntchito yanga zimayenda. M'kutentha kwa Okutobala inkafunda kwambiri ili pawindo, ndipo nditaisunthira pa shelefu yamthunzi sinavutenso. Ilibe batire yakeyake, koma popeza imadya mavoti 12, ndinaigulira chingwe choilumikizira ku batire ya sola, ndipo magetsi akazima intaneti imapitirira. Kumbuyo kwake kuli malo awiri omangirapo mlongoti wakunja, ndipo mvula ikayamba kugwa mwamphamvu mwezi wamawa ndidzaona ngati netiweki ya kuno kumunsi kwa phiri idzafune kuti ndiugule.