Injiniya wa zomangamanga, quantity surveyor kapena injiniya wa magetsi?

Munthu amene mtima wake sukhazikika akaona nambala imodzi yolakwika, koma amalakalakanso kudzatsogolera anzake, angaganizire ntchito zitatu izi, zomwe zonse zimaphunzitsidwa ku MUBAS, sukulu ya ku Blantyre imene kale inkatchedwa Polytechnic. Kusiyana kwake kwagona pa nthawi imene utsogoleri umafika, komanso pa chimene munthuyo amayang'anira, kaya ndi anthu, ndalama kapena makina.

Injiniya wa zomangamanga ndiye amayamba kulamula msanga. Akangofika pamene pakumangidwa mlatho kapena nyumba yosanja, amapeza foromani, amisiri ndi aganyu akudikira mawu ake, ndipo ena mwa iwo amakhala akuluakulu oti n'kumubereka. Konkire isanathiridwe, amatenga tepi n'kuyeza mipata ya pakati pa zitsulo, kenako amaonetsetsa kuti konkire ina yatapidwa m'timabokosi kuti ikayesedwe kulimba kwake pakatha masiku 7 ndi 28. Zotsatira zikaonetsa kuti ndi yofooka, ndi iyeyo amene amauza kontrakitala kuti agumule chipilala chimene chinauma kale, ndipo wamanyazi sangathe kunena mawu amenewa pamaso pa munthu amene waikapo ndalama zake. Choipa chake n'chakuti moyo wake ndi wa m'misasa, lero ku Karonga, chaka chamawa ku Nsanje.

Quantity surveyor sakweza mawu, chifukwa mphamvu zake zili papepala. Amawerenga mapulani n'kulemba kuchuluka kwa matumba a simenti, njerwa, zitsulo ndi malata, ndipo ntchito ikayamba amapita kukayeza zimene zachitikadi kuti kontrakitala alipidwe zoyenera. Kufunika kwake kunaonekera bwino mu Novembala 2023, pamene kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti: mitengo ya zipangizo inakwera ntchito zili pakati, ndipo aliyense ankafuna munthu wodziwa zimene pangano likunena pa kusintha kwa mitengo. Poyamba amatsogolera anthu ochepa, mwina awiri kapena atatu mu ofesi, koma popeza mwini ntchito amatchera khutu kwa amene akudziwa kumene ndalama zikupita, njira yodzayang'anira pulojekiti yonse imakhala yotseguka.

Wa magetsi amafunika kudekha. Ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kumene EGENCO imapangira magetsi pa mtsinje wa Shire, wongochoka kumene kusukulu sapatsidwa udindo msanga, pakuti kulakwitsa kumodzi kungaphe munthu kapena kuika dziko mumdima. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo panadutsa chaka chathunthu ndi miyezi makina onse asanayambenso kugwira ntchito.

Onsewa amayenera kulembetsa: mainjiniya ku Malawi Engineering Institution, quantity surveyor ku Board of Architects and Quantity Surveyors.

Kwa amene chilakolako chotsogolera chikuposa china chilichonse, ine ndingamulozere ku zomangamanga, malinga akhale wokonzeka kudzudzula bambo wa imvi dzuwa likuswa mtengo. Koma amene chimwemwe chake chenicheni ndi kupeza matumba 20 a simenti amene alembedwa kawiri, asadzikakamize kuvala gambutsi tsiku ndi tsiku. Malo ake ali pa tebulo la quantity surveyor.