Khansa ikatseka potulukira chakudya m'chifu: stent kapena opaleshoni?

Khansa ya kapamba kapena ya chifu ikakula, nthawi zina imatseka njira yomwe chakudya chimadutsa pochoka m'chifu kupita m'matumbo. Wodwala amangosanza, kuonda, madzi n'kutha m'thupi. Zikafika apa, nthawi zambiri cholinga cha madokotala si kuchizanso khansayo, koma kuti munthu ayambenso kudya.

Stent ndi kachubu ka mawaya olukana. Amakalowetsa kudzera m'kamwa mothandizidwa ndi kamera, n'kukasiya pamalo otsekekawo kuti kafutukuke. Pamimba sang'amba, ndipo ambiri amayamba kumwa phala pakapita tsiku limodzi kapena awiri, kenako n'kutuluka m'chipatala. Vuto lake, chotupacho sichisiya kukula. Chimalowerera m'mipata ya mawayawo n'kutsekanso, apo ayi kachubuko kamasuntha, wodwala n'kubwereranso. Kwa wochokera kutali ndi chipatala chachikulu, ulendo wachiwiriwo si nkhani yamasewera.

Pa opaleshoni yotchedwa gastrojejunostomy, dokotala amalumikiza chifu ndi matumbo aang'ono kuti chakudya chilambalale chotupacho. Kuchira kumachedwa, bala likhoza kutukusira, ndipo chifu chimatha masiku chisanayambe kukankha chakudya bwinobwino. Koma njirayo ikatseguka siitsekeka msanga.

Kafukufuku wa SUSTENT wa ku Netherlands, wofalitsidwa mu 2010, adapeza kuti poyerekeza ndi stent, opaleshoni imathandiza kwambiri odwala oyembekezeka kukhala ndi moyo miyezi iwiri kapena kuposera apo. Kwa munthu wofooka kale, kapena amene m'mimba mwadzaza madzi, kumugoneka pa tebulo la opaleshoni n'kumudyera masiku ochepa omwe atsala. Ameneyo stent ndiye womuyenera.