Tsitsi likathothoka theka la mutu: jakisoni, DPCP kapena mapiritsi a JAK?

Aliyense wa ife amene akudwala alopecia areata, matenda othothola tsitsi m'zigambazigamba, anauzidwapo kuti apake mafuta enaake, tsitsi limera. Koma matendawa si zipere, komanso si dazi la ukalamba. Chitetezo cha m'thupi chimasokonekera n'kuyamba kulimbana ndi mizu ya tsitsi ngati kuti ndi kachilombo. Mizuyo siifa, imangogona, ndipo mankhwala othandiza kwambiri ndi amene amatonthoza kapena kusokoneza chitetezocho.

Madokotala a khungu amayeza vutoli ndi muyeso wotchedwa SALT, woyambira 0 mpaka 100. Akati 100, ndiye kuti m'mutu mulibe tsitsi ngakhale limodzi. Kuyambira 50 kupita m'mwamba amati matenda afika povuta, ndipo apa m'pamene njira zina zakale zimagonja.

Jakisoni wa triamcinolone wobaya pakhungu la m'mutu, masabata 4 mpaka 6 aliwonse, ndi wabwino ngati zigamba zili ziwiri kapena zitatu. Nanga mutu wonse angaubaye kangati? Komanso pobayidwa pafupipafupi khungu limapyapyala n'kuchita tizenje. Mapiritsi a prednisolone amameretsa tsitsi msanga, ndiye munthu amasangalala, koma akangosiya kumwa nthawi zambiri limathothokanso. Kuwamwa kwa miyezi yambiri kumatupitsa nkhope, kumakweza shuga ndi BP, ndiponso kumafooketsa mafupa. Ine ndimawaona ngati ozimitsira moto pamene tsitsi likugwa mothamanga, osati okhala nawo.

DPCP ndi njira yachilendo pang'ono. Ndi mankhwala amene amakupakani m'mutu mlungu uliwonse ndi cholinga choti khungu lichite ziwengo mwadala, kuti chitetezo chitanganidwe ndi ziwengozo n'kusiya mizu. Simusamba m'mutu pafupifupi masiku awiri mutapakidwa, ndipo mutu suyenera kuombedwa ndi dzuwa. Kuyabwa kulipo, nthawi zina matuza ndi mwanabere m'khosi, ndipo pakhungu lakuda pangatsale zigamba zoyera kapena zakuda kwambiri. Ubwino wake ndi woti safooketsa chitetezo cha thupi lonse. Kwa amene sangamwe mapiritsi a JAK, njirayi isanyozedwe.

Nkhani yaikulu masiku ano ili pa mapiritsi atatu otchinga mapuloteni a JAK, omwe amatumiza uthenga woukira mizu. Bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linavomereza baricitinib, wogulitsidwa ndi dzina loti Olumiant, mu 2022. Kenako linavomereza ritlecitinib, wotchedwa Litfulo, mu 2023, ndi deuruxolitinib, wotchedwa Leqselvi, mu 2024.

Ambiri timathamangira kufunsa kuti wamphamvu ndi uti. Pakafukufuku wa BRAVE-AA1 ndi BRAVE-AA2, anthu oposa pang'ono mmodzi mwa atatu alionse omwa baricitinib wa 4 mg anafika pa SALT 20 kapena kutsikirapo patatha masabata 36, kutanthauza kuti tsitsi linaphimba magawo 80 mwa 100 a mutu kapena kuposa. Omwa 2 mg anali pafupifupi mmodzi mwa asanu. Ritlecitinib wa 50 mg anafikitsa pamenepo anthu 23 mwa 100 pakafukufuku wa ALLEGRO, ndipo deuruxolitinib wa 8 mg kawiri patsiku anathandiza pafupifupi 30 mwa 100. Musapupulume kuwaika pamzere. Awiri omalizawa anawerengedwa pa masabata 24, osati 36, ndipo odwala ake anali ena. Kuyerekeza manambalawa kuli ngati kuyeza msinkhu wa ana awiri, wina mu Januwale, wina mu Epulo. Mwa omwa ritlecitinib, omera tsitsi anapitiriza kuchuluka mpaka sabata la 48.

Chimene chimawasiyanitsa kwenikweni ndi zina. Ritlecitinib anavomerezedwa kuyambira zaka 12, pomwe enawo chilolezo chawo choyamba chinali cha akuluakulu okha. Baricitinib ndi amene wadziwika nthawi yaitali chifukwa anayamba kale kuperekedwa kwa odwala nyamakazi, komanso dokotala angathe kukweza kapena kutsitsa mlingo pakati pa 2 mg ndi 4 mg. Deuruxolitinib amafuna kuti muyambe mwayezedwa chibadwa chanu (gene yotchedwa CYP2C9), poti ena thupi lawo limachedwa kumuchotsa m'magazi, ndipo kumwa kawiri patsiku n'kosavuta kuiwala.

Onse atatu ali ndi chenjezo lofanana papaketi: matenda oopsa oyambitsidwa ndi tizilombo, khansa, kuundana kwa magazi, matenda a mtima ndi sitiroko. Chenjezoli linachokera makamaka pakafukufuku wa mankhwala ena a m'gulu lomweli, tofacitinib, mwa odwala nyamakazi a zaka 50 kupita m'mwamba omwe anali kale pachiopsezo cha mtima. Mtsikana wathanzi wa zaka 20 sali pamalo amodzi ndi bambo wa zaka 65 wosuta fodya. Komabe musanayambe, kuyezetsa TB yobisika ndi matenda a chiwindi a hepatitis B si nkhani yokambirana. TB yogona ikhoza kudzuka. Zimene ambiri amakumana nazo ndi ziphuphu, mutu, chimfine, ndipo ena mashingozi. Woyembekezera kapena woyamwitsa awuze dokotala asanamwe ngakhale piritsi limodzi.

Pali chinthu china chimene otsatsa sanena mokweza. Palibe mwa atatuwa amene amachiza. Ambiri akasiya kumwa, tsitsi limayambanso kugwa patangopita miyezi. Choncho funso loyamba kwa dokotala lisakhale la amene amameretsa msanga, koma loti ndi uti mungamupeze mosadukiza, kumulipirira ndi kumayezetsa magazi kwa zaka. Kulitaya kachiwiri tsitsi, nsidze ndi ndevu zomwe zinabwerera kumapweteka kuposa koyamba.

Nthawi nayo imawerengedwa. Amene angotha chaka chimodzi kapena ziwiri opanda tsitsi amathandizika kwambiri kuposa amene akhala choncho zaka zambiri, ndipo amene ali pa SALT 95 mpaka 100 amachedwa kuona kusintha. Ngati muli m'gulu limeneli, miyezi itatu ndi yochepa kuti mugamule kuti mankhwala alephera. Madokotala ambiri amadikira miyezi 9 mpaka 12, ndipo ena amawonjezera minoxidil wakumwa wa mlingo wochepa, yemwe amathandiza tsitsi kukula, asanasinthe piritsi.