Kachipangizo ka mawu ka pa USB: nyenyezi zinayi, koma musathamangire kugula

Ndatha nako miyezi inayi tsopano, ndiye ndikhoza kuikapo mlomo. Ntchito yanga ndi yomvera mawu ojambulidwa n'kumawalemba. Ochita kafukufuku amapita kumidzi kukacheza ndi alimi, amabwerako ndi mawu m'mafoni, ine n'kukhala pansi kumataipa liwu ndi liwu. Popanda mahedifoni, kwathu sikuphikidwa. Ndiye m'mawa wina laputopu yangoti zii. Masipika ake chete, mahedifoni akungokhosomola mawu oduladula kukhutu limodzi, kenako nawonso chete. Chodabwitsa n'chakuti kamzere kobiriwira kosonyeza mawu kanali kakuvina bwinobwino, kutanthauza kuti kompyuta ikuona ngati ikuimba.

Ndinayamba ndi zimene tonse timayamba nazo, kuthimitsa n'kuyatsanso. Palibe. Kenako ndinakumbukira kuti tsiku lina nditailumikiza ku pulojekita ya kutchalitchi, mawu anathawira ku waya wa HDMI, ine n'kumavutika ola lathunthu pachabe. Ndinadina mabatani a Windows ndi R, n'kulemba mmsys.cpl kuti ndione komwe mawu akulowera. Anali pamalo pake. Ndinalowa mu Device Manager, osapeza kachizindikiro kachikasu kalikonse, komabe ndinachotsa driver ya Realtek, kapulogalamu koyendetsa mawu mu laputopu, n'kuyatsanso kompyuta kuti ibwerere yokha. Inabwerera, mawu ayi. Ndinatsegula services.msc n'kuyambitsanso Windows Audio. Ndinazimitsa ma enhancements, makonda okometsera mawu. Bando ya sabata yonse inathera kutsitsa madriver omwe analibe mlandu uliwonse.

Chimene chinandizindikiritsa ndi kanthu kakang'ono komwe ndinkangokadutsa masiku awiri onsewo: kompyuta inkalemba kuti mahedifoni ndi obayika, pomwe pabowo panalibe chilichonse.

Mnyamata wokonza makompyuta mumzinda muno ndi amene anandimasulira. "Amayi, m'kabowo aka muli kachitsulo kamene kamakankhika mukabaya mahedifoni. Kameneko ndi kamene kamauza makina kuti masipika akhale chete. Kanu kapindika, sikakubwereranso." Sanangonena pakamwa. Anayatsa laputopu ndi Ubuntu ya pa flash, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, osakhudza mafayilo anga, ndipo vuto linali lomwelo. Analumikiza sipika ya Bluetooth, nyimbo n'kulira. Apo mlandu unatha: pulogalamu ilibe vuto, lafa ndi bowo. Anauziramo mpweya kuchotsa fumbi, anayesa kukabweza ndi kasingano, koma ayi. Kusintha bowolo pa laputopu yangayi n'kuwotcherera pa motherboard, bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta, ndipo anandiuza mosabisa kuti dzanja likangolakwa pang'ono ndilira zambiri. M'malo mwake anatsegula kabati n'kutulutsa kachipangizo aka, pa mtengo wosafika ndi theka la ndalama yowotcherera.

Kukula kwake n'ngati flash yonenepa. Dzina la kampani palibe, papaketi pangolembedwa "7.1 Channel" ndi zilembo zikuluzikulu. Kali ndi mabowo awiri a 3.5 mm, lobiriwira la mahedifoni ndi lapinki la maikolofoni. Nditakabaya pa Windows 10, masekondi ochepa chabe kanaoneka pamndandanda ngati USB Audio Device. Palibe CD, palibe kutsitsa kanthu, palibe bando. Izi ndiye ndinakakondera, chifukwa kali ndi chip yakeyake yosandutsa mawu, moti bowo lakufa lija mawu amangolilambalala. Ndinakayesanso pa laputopu ya mng'ono wanga ya Windows 11, zimodzimodzi. Chokhacho, onetsetsani kuti kasankhidwa kukhala default, kutanthauza komwe mawu azitulukira, apo ayi mudzakanamizira kuti n'kakufa.

Chenjezo loyamba: tsitsani voliyumu musanavale mahedifoni. Ine ndinavala ili pa 100 monga ndinazolowera, ndipo agogo ena a ku Phalombe anandikuwira m'khutu mpaka ndinadzidzimuka pampando. Masiku ano ndimakhala pa 20 kapena 25, ndipo zimakwana.

Pa mawu a anthu olankhula, ndilibe dandaulo. Makonda ake amafika 16 bit, 48000 Hz, zomwe n'zokwanira kumva mlimi akufotokoza za feteleza nkhuku zikulira kumbuyo. Koma pamalo pachete, monga wofunsa akamatembenuza pepala, pansipansi pamamveka "sssss" wosalekeza. Ndazolowera, ngakhale wojambula kwaya sangagone naye tulo. Za 7.1 zija, zoti kamatulutsa mawu a masipika asanu ndi atatu, musazitengere kumtima. Bowo lotulutsa mawu ndi limodzi, ndipo likutulutsa mbali ziwiri basi, kumanzere ndi kumanja. Masipika asanu ndi atatu angatulukire pati?

Pomwe ndinakhumudwa kwenikweni ndi pa maikolofoni, ngakhale theka la vutolo linali umbuli wanga. Tsiku la msonkhano wa pa Zoom ndinabaya mahedifoni a foni pabowo lobiriwira. Ine ndikuwamva, iwo akungoti "Amayi, simukumveka." Yang'anani kamutu ka waya wanu. Ngati kali ndi timizere tiwiri takuda, n'ka mahedifoni okha. Ngati tili titatu, kanyamulanso maikolofoni, ndipo bowo lobiriwira la kachipangizoka silidziwa chochita ndi gawo la maikolofonilo. Pamafunika kawaya kogawa, kolandira mutu umodzi n'kutulutsa iwiri, wina wopita kobiriwira wina kwapinki. Wogulitsa sanandiuze, mwina poganiza kuti ndingomvera basi. Ndinabwereranso mtauni pa kabaza chifukwa cha kawaya kotalika ngati chikhatho.

Nditakapeza, mawu anga ankamveka ngati ndikulankhula mvula ikugwa pamalata. Chinathandiza ndi kulowa mu Properties ya maikolofoni, kutsitsa Levels kufika chapakati, ndi kuchotsa chongera pa AGC mu tabu ya Custom. AGC imakweza yokha mawu mukakhala chete, ndiye imakweza ndi phokoso lomwe. Tsopano amandimva, koma palibe amene anandiyamikirapo mawu.

Kanthu kena komwe ndikadakanamizira: nditalumikiza masipika a pabalaza, aja okhala ndi pulagi yawoyawo, kunabwera "mmmmm" wokhuthala. Kuzula chaja ya laputopu, phee. Kubwezera, wayambanso. Ndi nkhani ya magetsi, zipangizo ziwiri zikamakumana kudzera pa waya wa mawu chilichonse chili ndi njira yake yopita pa soketi. Ndi mahedifoni sizichitika. Ndikafuna nyimbo pabalaza ndimangoyendera batire.

Kapangidwe kake ndiye kamene kachotsa nyenyezi yachisanu. N'kotambalala moti kamatseka bowo la USB loyandikana nalo, ndiye mbewa ya kompyuta ndinaisamutsira mbali inayo. Kamatuluka panja ngati nyanga, ndipo waya ukakokedwa mphamvu yonse imathera pa bowo la laputopu. Mwana wanga anakodwa mu waya mwezi wachiwiri, pulasitiki n'kuyasama pakati. Mkati muli kabolodi kobiriwira kochepa ngati chikhadabo. Ndinakamanga ndi selotepi ndipo kakugwirabe ntchito, koma ndikadzagulanso ndidzatenga mtundu uja wokhala ndi kawaya kafupi, womwe umapindika m'malo mothyola bowo. Kagetsi kake kamaphethiranso nthawi yonse yomwe mawu akulira, ndipo usiku kamatopetsa maso.

Masipika a laputopu akadali chete mpaka lero, pakuti kachipangizoka sikakonza chakufa, kamangotsegula njira ina. Mnzanga wina atamva nkhani yanga anakagula kake, kenako n'kupeza kuti iye anangotsitsa mawu a Chrome mu Volume Mixer. Tsopano kakewo kali m'chikwama changa ngati sipeya.