Chimbale cha Samantha Mumba, Gotta Tell You: zomwe zatsala patatha miyezi ndikuchimvera

Nditangogula CD ya Gotta Tell You pamulu wa ma CD akale, ndinalemba mwachidule kuti ndi chimbale chokoma cha nyimbo zovina za m'chaka cha 2000, ndipo ndinalonjeza kuti ndidzanenanso maganizo anga chikadzakhalitsa. Mvula yagwa mpaka yasiya, chisanu chalowa, CD ija ikadali m'galimoto. Panopa ndikudziwa nyimbo zimene ndimazisiya zilire mpaka kumapeto, ndi zimene chala chimathamangira kuzidumpha ndisanaganize n'komwe.

Kwa amene dzinali ndi lachilendo, ngakhale kuti likumveka lakwathu konkuno: Samantha Mumba anabadwira ku Dublin mu January 1983. Mayi ake ndi a ku Ireland, bambo ake ndi a ku Zambia, n'chifukwa chake dzina lakumapetolo. Anayamba kuvina ndi kuimba ali mwana pasukulu ya zisudzo ya Billie Barry. Ali ndi zaka 15 anaonekera pampikisano wa aluso pa RTÉ, wailesi ya kanema ya ku Ireland, ndipo Louis Walsh, yemwe ankayendetsa magulu a Boyzone ndi Westlife, anamutenga. Kampani ya Polydor inamusainitsa, ndipo chimbalechi chinatuluka kumapeto kwa October 2000, mwini wake ali ndi zaka 17 zokha.

Zaka 17 zimenezo ndi zimene zimandidabwitsabe. Mawu ake si a mwana wa sukulu. Ndi otsika, okhuthala, okhala ndi kakusasa pang'ono. Nthawi imeneyo makampani ankasaka atsikana a mawu opyapyala okwera m'mwamba, poona mmene Britney Spears ankagulitsira, koma Samantha amayamba nyimbo ya Gotta Tell You ali pansi penipeni, pafupi ndi pomwe amuna amaimbira, kenako n'kukwera pofika pa kolasi. Masabata oyamba ndinkangomva kolasiyo. Panopa ndimadikira ndime zoyambazo, chifukwa m'menemo ndi mmene muli iyeyo. Kolasi ija akanatha kuimba mtsikana wina aliyense wa nthawi imeneyo, koma ndime zija ayi.

Nyimbo imeneyi anailemba limodzi ndi Anders Bagge ndi Arnthor Birgisson, akatswiri a situdiyo a ku Stockholm, ndipo dzanja la ku Sweden limamveka. Ng'oma zake ndi zamakina, zodulidwa mwaukhondo, palibe chotsalira. Inafika pa nambala 1 ku Ireland, nambala 2 ku UK, ndi nambala 4 pa Billboard Hot 100, mndandanda wa nyimbo zotchuka ku America. Ya ku America ija musaichepetse. Magulu a Louis Walsh ankalamulira ku UK ndi ku Ireland, koma msika wa ku America unkawavuta, pomwe mtsikana uyu analowamo ndi nyimbo yake yoyamba. Pa nyimbo zonse za m'chimbalemu, iyi ndi imene sinandikole. Ndaiimba m'mawa, ndaiimba pamzere wa magalimoto dzuwa likuswa mtengo, sinafwifwe.

Body II Body ndiye nkhani ina. Maziko ake anabwereka kwa David Bowie, m'nyimbo yake ya mu 1980 ya Ashes to Ashes, ndipo kamvekedwe kobwerekako n'kamene kamakukoka tsiku loyamba. Inafika pa nambala 5 ku UK. Koma patapita miyezi ndaona kuti chimene ndimakonda m'nyimboyi ndi cha Bowie, osati cha amene anaikonzanso. Mukachotsa kachidutswa kobwerekako, zotsalazo n'zochepa. Ili ngati ndiwo zokoma chifukwa cha mchere wopempha kwa aneba. Sindiidumpha, koma sindiibwerezanso.

Imene yakwera m'maso mwanga ndi Always Come Back to Your Love. Poyamba ndinkaiona ngati kanyimbo kopepuka kodzazira malo. Anaikonza ndi a Stargate, anyamata a ku Norway omwe panthawiyo anali asanatchuke, amene pambuyo pake anakagwira ntchito ndi Ne-Yo, Rihanna ndi Beyoncé. Ukaimvera mobwereza umazindikira chifukwa chake anapita patali. Amasiya mpata. Sadzaza paliponse ndi zida, ndiye mawu a woimba amapuma, ndipo mawu othandizira amalowa pamalo pake osaphimba mwini nyimbo. Inatuluka payokha kumayambiriro kwa 2001, n'kufika pa nambala 3 ku UK ndi nambala 1 kwawo. Pa sipika zotchipa za m'galimoto yanga, iyi ndi imene imamveka bwino kuposa zonse, pomwe zina zimachita phokoso ndikangokweza pang'ono.

Baby Come On Over ndi yovina, imagwira ntchito yake. Lately ndi yobwereza, eni ake ndi gulu la atsikana a ku America la Divine, ndipo Samantha amaiimba mwaulemu koma osaisandutsa yake.

Vuto la chimbalechi lili pakati. Mukadutsa nyimbo zomwe zinkalira pa wailesi, mumafika pa chigwa cha nyimbo zofanana, liwiro limodzi, nkhani imodzi ya mnyamata amene akuchedwa kunena zakukhosi. Ngakhale lero, ina ikayamba sinditha kunena msanga kuti ndi iti. Si kuti zinaimbidwa moipa. Zinangolembedwa ndi anthu amene sankamudziwa woimbayo, ndipo zikanapatsidwa kwa wina sizikanasintha kanthu. Chimandipweteka n'chakuti m'nyimbo zimenezi amamukweza mawu kuti afanane ndi anzake a nthawiyo, kusiya pansi paja pomwe pali chuma chake. Munthu ukhala ndi woimba wa mawu osowa chonchi, bwanji kumuimbitsa ngati aliyense?

Ndanenapo za bambo ake a ku Zambia, ndiye ndichenjeze amene angagule poyembekezera kumva kalindula kapena kamvekedwe kalikonse ka kuno. Mulibe. Ndi pop ndi R&B ya ku Ulaya yoyang'ana ku America, ndipo mulibenso cha Ireland chimene khutu lingatole. Kufunika kwake ku Ireland kunali kwina. Dzikolo linali litaonapo Phil Lynott wa gulu la Thin Lizzy, munthu wakuda wokulira ku Dublin, koma mtsikana wakuda wolankhula Chingelezi cha ku Dublin, akutsogola pa nyimbo za achinyamata, chinali chinthu chatsopano m'chaka cha 2000, nthawi imene alendo ochokera ku Africa anali atangoyamba kuchuluka kumeneko. Zimenezo m'chimbalemu simuzimva, koma ukazidziwa umachigwira mosiyana.

Kumvera chimbale choyamba kwa nthawi yaitali kumakupatsa njala ya chachiwiri, ndipo apa ndi pomwe nkhani ya Samantha imawawa. Chachiwiricho sichinatuluke. Mu 2002 anatulutsa I'm Right Here, yomwe inafika pa nambala 5 ku UK, ndipo imayenera kutsegulira njira chimbale chatsopano. Chimbalecho chinajambulidwa, koma kampani inachiika pambali, mgwirizano n'kutha. Mu 2002 momwemo anasewera mufilimu ya The Time Machine limodzi ndi Guy Pearce, mchimwene wake wamng'ono Omero alinso momwemo. Mu 2006 kunatuluka The Collection, yosonkhanitsa nyimbo zakale. Taganizani: nyimbo zisanu ndi imodzi zotsatizana, zonse kulowa m'gulu la khumi zapamwamba ku UK, koma woimbayo n'kutsala ndi chimbale chimodzi chokha chathunthu, kuphatikiza kachimbale ka nyimbo za Khirisimasi ka mu 2001.

Ine ndimaona kuti mbewu ya vutoli ili m'chimbale choyambachi. Anamumanga pa nyimbo za pa wailesi, osati pa dzina lake ngati woimba wokhala ndi njira yakeyake. Wailesi ikasintha kukonda, munthu wotere alibe pogwira. Pofika 2002 ndi 2003 mipikisano ya pa kanema monga Pop Idol inali itayamba kutulutsa nkhope zatsopano chaka ndi chaka, ndipo makampani analibenso chipiriro cholera woimba amene ali naye kale. Awa ndi maganizo anga, wina akhoza kutsutsa, koma ndikamvera chigwa chapakati chija ndimamva kampani yothamangira kugulitsa Khirisimasi isanafike.

Sanasiyiretu kuimba. Mu 2020 anatulutsa nyimbo zatsopano, ndipo mu February 2025 anapikisana nawo pofuna kuimira Ireland ku Eurovision, mpikisano wa nyimbo wa maiko a ku Ulaya, ndi nyimbo ya My Way, koma anapambana ndi woimba wina dzina lake Emmy. Ndinafunafuna zatsopanozo pa intaneti chifukwa cha CD yomweyi. Mawu aja alipobe, akhwima, ndipo tsopano amawalola kukhala pansi pomwe amayenera.

Za CD yeniyeniyo, poti ena mumafunsa. Yapirira kutentha kwa m'galimoto popanda kudumphadumpha, koma chikwama chake chapulasitiki chinathyoka pa mahinji, monga zimachitira zonse za mtundu umenewu. Chofunika kusamala pogula n'chakuti chimbalechi chinatuluka kangapo. Pali choyamba cha mu 2000, pali chobwereza cha mu 2001, pomwe chinakwera kufika pa nambala 9 ku UK, ndipo cha ku America chili ndi chikuto china ndi mndandanda wosiyanako. Nyimbo zina zinasakanizidwanso, kotero imene mukuikumbukira ya pa wailesi mwina si imene ili pa CD yomwe mwaigwira. Tembenuzani muwerenge kumbuyo musanapereke ndalama.

Ngati mukufuna nyimbo zotchuka zokha, The Collection ikukwanirani, ndipo muli I'm Right Here yomwe m'chimbale choyamba mulibe. Gotta Tell You yathunthu ndi ya munthu amene akufuna kumva mtsikana wa zaka 17 akulimbana ndi nyimbo zomuchepera, n'kupambana pa zina. Mwa nyimbo zonsezo, zimene ndakopera mufoni ndi zitatu: Gotta Tell You, Always Come Back to Your Love ndi Baby Come On Over.