Kalabu yaikulu ndi kalabu yaing'ono ya volleyball: zimene ndalama zathu zinagula ku Indiana

Kuno ku Indiana, m'dziko la America, mtsikana akangoonetsa chidwi pa volleyball kusukulu, sipapita nthawi makolo asanauzidwe kuti masewera a kusukulu okha sakwanira ndipo mwanayo ayenera kulowa kalabu. Nyengo ya masewera a kusekondale imayamba mu Ogasiti n'kutha chakumayambiriro kwa Novembala, pomwe ya makalabu imatenga miyezi yonse yozizira ya kuno mpaka kufika mu Juni. Makalabu ambiri ndi mabizinesi a anthu, ndipo amalipiritsa madola masauzande angapo pa nyengo imodzi, chinthu chimene chimadabwitsa ife amene tinakula tikusewera volleyball pabwalo la sukulu kwathu ku Malawi popanda kulipira ngakhale tambala. Mwana wanga wamkazi wasewera m'makalabu awiri, yoyamba yaikulu ndi yachiwiri yaing'ono, ndipo ndikufuna kufotokozera makolo anzanga zimene kalabu iliyonse inatipatsa posinthana ndi ndalama zathu. Mayina awo sinditchula, chifukwa aphunzitsi amasuntha chaka ndi chaka ndipo kalabu imene inali yabwino chaka chatha ikhoza kukhala itasinthiratu chaka chino.

Mpikisano wa malo m'makalabuwa ndi waukulu chifukwa masewerawa akula kwambiri. Kuchokera pamene lamulo la Title IX linakhazikitsidwa mu 1972, lomwe limaletsa masukulu olandira ndalama za boma kusala atsikana, masewera a atsikana akhala akupita patsogolo, moti lero atsikana a kusekondale amene amasewera volleyball ndi ochuluka kuposa amene amasewera basketball. Mu Ogasiti 2023, anthu 92,003 anadzaza bwalo la Memorial Stadium mumzinda wa Lincoln kudzaonerera timu ya atsikana ya yunivesite ya Nebraska. Indiana nayo ili ndi mbiri yake, popeza kalabu ya Munciana ya kudera la mzinda wa Muncie, yomwe inayamba mu 1974, ndi imodzi mwa makalabu akale kwambiri m'dziko muno. Choncho kholo likamamva makolo ena akunena kuti mwana akachedwa kulowa kalabu yotchuka watsalira, mantha akewo sachokera pachabe.

Kalabu yaikulu ili ndi zabwino zimene sindingazibise. Ili ndi nyumba yakeyake ya mabwalo angapo, ndipo pa nyengo yonse maphunziro sanalepherekepo chifukwa chosowa malo. Ili ndi munthu wophunzitsa ana kulimbitsa thupi ndi kudumpha mosavulaza mawondo, ili ndi ofesi imene imayankha makalata msanga, ndipo ndandanda ya mipikisano ndi ya malipiro tinapatsidwa yonse tisanasaine mgwirizano. Kwa ife amene timagwira ntchito zosinthana usiku ndi usana, kudziwiratu masiku a mpikisano kudakali miyezi ndi thandizo lenileni, ndipo pa mbali imeneyi kalabuyi ndikuiyamikira ndi mtima wonse.

Vuto lake lili pa kagawidwe ka matimu. Pa msinkhu uliwonse kalabu yotere imakhala ndi matimu angapo, ndipo pambuyo pa mayeso osankhira osewera ana amaikidwa m'timu yoyamba, yachiwiri, yachitatu, mpaka kutsika. Zikho zimene zimaoneka pakhomo, mayina a atsikana amene anapita ku mayunivesite, ndi aphunzitsi odziwika amene amalankhula kwa makolo pa tsiku la mayeso, pafupifupi zonsezi ndi za timu yoyamba. Mwana wanga anaikidwa m'timu yachitatu, ndipo malipiro ake sanasiyane kwambiri ndi a timu yoyamba, koma mphunzitsi amene anapatsidwa anali mtsikana wa pakoleji, waulemu ndi wokonda ana ndithu, amene anali asanayendetsepo timu payekha. Mphunzitsi wamkulu ankadutsa pabwalo lawo mwa apo ndi apo, n'kubwerera kwa osewera ake. Tinalipira mtengo wa dzina la kalabu, koma luso limene linapanga dzinalo linkaperekedwa pabwalo lina.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi mmene mwanayo anagwiritsidwira ntchito. Iye ndi wamtali, ndipo kuyambira sabata yoyamba anaikidwa pakati pa neti kuti azitchinga mipira. M'malamulo a volleyball, wosewera wa pamalo amenewa akazungulira n'kufika kumbuyo nthawi zambiri amatuluka, ndipo m'malo mwake mumalowa libero, katswiri wolandira mipira yapansi amene amavala malaya amtundu wosiyana. Kwa timu yofuna kupambana lero, dongosololi ndi lanzeru. Koma kwa mtsikana wa zaka 13 zotsatira zake n'zakuti nyengo yonse imatha asanalandire mpira wosevedwa pa masewera enieni, pomwe kulandira ndiye luso limene mpira uliwonse umayambira. Ana a msinkhu umenewu sanamalize kukula, ndipo wamtali wa chaka chino akhoza kupitiriridwa ndi anzake pofika zaka 16, pamene adzafunika kusewera malo ena amene sanawaphunzire. M'timuyo munalinso atsikana 12 pomwe pabwalo pamalowa 6 okha, ndipo mgwirizano umanena poyera kuti ndalama zimalipirira maphunziro, sizilipirira nthawi yosewera. Mfundoyo ndi yachilungamo ndipo tinaiwerenga tisanasaine, komabe imalemera mosiyana munthu ukayendetsa galimoto maola angapo m'chipale chofewa, n'kulipira hotela, kenako n'kuonerera mwana wako ataima pambali akuomba m'manja.

Za maulendo ziyenera kuwerengedwa padera, chifukwa sizikhala m'malipiro amene kalabu imalengeza. Makalabu aakulu amapita ku mipikisano ya masiku awiri kapena atatu m'mizinda ngati Indianapolis, Louisville ndi Chicago, ndipo ambiri amamalizira nyengo mu Juni ku mpikisano wa bungwe la masewera la AAU (Amateur Athletic Union) ku Orlando, m'chigawo cha Florida, kapena ku mpikisano wa dziko lonse wa USA Volleyball, bungwe loyang'anira volleyball m'dziko muno, ngati timu yapeza malo. Mipikisano yambiri ikuluikulu ili ndi lamulo loti mabanja azigona m'mahotela amene okonza mpikisano asankha, choncho njira yathu yachizolowezi yofikira kwa mnansi kapena kwa Mmalawi mnzathu wokhala mumzindawo siigwira ntchito. Kholo limalipiranso pakhomo kuti lionerere mwana wake.

Kalabu yaing'ono ndi yosiyana kuyambira pakhomo pomwe, chifukwa ilibe nyumba yake ndipo imachita lendi holo ya masewera ya pasukulu ina. Sukuluyo ikakhala ndi zochitika zake, kapena ikatsekedwa chifukwa cha chipale, maphunziro amalephereka, ndipo uthenga nthawi zina unkatifika titanyamuka kale. Mwini kalabu ndiye mphunzitsi, ndiye wolemba ana ku mipikisano, ndiyenso wosunga ndalama, moti malisiti ankachedwa ndipo yunifolomu inafika mpikisano woyamba utayandikira kwambiri. Timuyo inali ndi atsikana 9, ndipo chimfine chitalowa mu Febuluwale panali tsiku limene anasewera popanda wosinthana naye ndi mmodzi yemwe. Akakumana ndi timu yoyamba ya kalabu yaikulu ankagonja momvetsa chisoni, ndipo kholo losapirira kugonja liyenera kudziwiratu zimenezi.

Ngakhale zili choncho, mwana wanga anaphunzira volleyball kumeneko. Mphunzitsiyo ndi mayi amene waphunzitsa atsikana a kusekondale kwa zaka zambiri, ndipo lamulo lake ndi lakuti mwana aliyense wosapitirira zaka 14 azilandira, aziseva, azikweza mpira kwa womenya ndiponso azimenya, kaya ndi wamtali kaya ndi wamfupi. Poti ana ndi ochepa, palibe amene amaima pamzere nthawi yaitali kudikira mpira, ndipo cholakwika chikaoneka chimakonzedwa pomwepo ndi munthu yemweyo amene anachiona sabata yatha. Mwana wanga ankalandira mpira miyendo itawongoka, akugwedeza mikono, ndipo mayiyo sanatope kumubweza pa chinthu chimodzi chomwecho mpaka anaphunzira kupinda mawondo ndi kusuntha mapazi mpira usanafike. Pa masewera ankamusiya kumbuyo ngakhale atalakwitsa motsatizana, ndipo timu inataya mapointi chifukwa cha iye, koma pofika mu Epulo anali mmodzi mwa olandira odalirika. Mtengo umawongoledwa udakali waung'ono, ndipo ntchito yowongolayo imafuna munthu amene ali pafupi ndi mtengowo tsiku ndi tsiku. Malipiro anali pafupifupi theka la a kalabu yaikulu, ndipo mipikisano yambiri inali ya tsiku limodzi, yoti timapita m'mawa n'kudzagona kunyumba.

Makolo ambiri amakopeka ndi kalabu yaikulu chifukwa cha chiyembekezo cha maphunziro aulere a kuyunivesite, ndipo apa m'pofunika kudziwa mmene malamulo alili. Aphunzitsi a mayunivesite a Division I, gulu lapamwamba la NCAA, bungwe loyendetsa masewera a mayunivesite, saloledwa kuyamba kukambirana ndi mtsikana za kumutenga mpaka pa 15 Juni pambuyo pomaliza giredi 10, ndipo mayunivesite a Division III, gulu lachitatu la bungweli, sapereka ndalama za maphunziro chifukwa cha masewera. N'zoona kuti aphunzitsiwo amapita ku mipikisano ikuluikulu kukaona osewera, koma amakhala m'mbali mwa mabwalo a matimu amphamvu a zaka 15, 16 ndi 17, ndipo pabwalo la timu yachitatu ya zaka 13 sindinaonepo ngakhale mmodzi. Mtsikana amene wafika zaka 15, waitanidwa m'timu yoyamba, ndipo iye mwini akufunitsitsa kusewera kuyunivesite, ameneyo kalabu yaikulu imuthandiza m'njira imene yaing'ono singathe, chifukwa ili ndi munthu wolemba makalata kwa aphunzitsi a mayunivesite ndipo imasewera pamene iwo amaonera. Kwa mwana wa zaka 11 mpaka 14 amene sanalowe m'timu yoyamba, ine ndikuvomereza kalabu yaing'ono, malinga mphunzitsi wake akhale wodziwa ntchito.

Pa chitetezo cha ana, kukula kwa kalabu sikutsimikizira kanthu. Makalabu olembetsedwa ku USA Volleyball amayenera kuonetsetsa kuti mbiri ya aphunzitsi awo yafufuzidwa ndiponso kuti achita maphunziro a SafeSport, oteteza osewera ku nkhanza, ndipo kholo lili ndi ufulu wofunsa ngati zimenezi zachitika. M'kalabu yaing'ono funsoli ndi lofunika kwambiri, chifukwa mwini wake akakhala kuti ndiye mphunzitsi, dandaulo lilibe munthu wina wokalilandira mkati mwa kalabuyo.

Makalabu ambiri akasankha mwana amapereka nthawi yochepa kwambiri yoti kholo livomere ndi kulipira ndalama yoyamba, ndipo kufulumizitsa kumeneku kumachititsa makolo kusaina asanafunse. Musanalipire, funsani dzina la mphunzitsi wa timu yeniyeniyo imene mwana wanu waikidwamo, chiwerengero cha osewera ake, ndi ngati ana aatali amaloledwa kusewera kumbuyo. Kalabu yaikulu inatiyankha kuti mphunzitsi adzalengezedwa matimu akadzaza. Mayi wa kalabu yaing'ono anatiitana kuti tidzakhale m'holo n'kuonerera mmene amaphunzitsira tisanapereke ndalama iliyonse, ndipo mwana wanga asewera kumeneko nyengo ikubwerayi.