Napolo wa m'gemu: wojambula pamanja kapena wa 3D?

Achinyamata a ku Zomba amene akupanga gemu ya nthano sakufunika kukafuna chilombo kutali. Napolo, chinjoka chimene akuluakulu amati chinagumula phiri mu 1946, alipo kale. Nkhani yagona pa mmene angayendere pa sikirini.

Mu Krita, pulogalamu yaulere ya 2D, chithunzi chilichonse mumajambula pamanja. Ambiri amajambula zithunzi 12 pa sekondi imodzi, ndiye Napolo akamavuuka mumtsinje wa Mulunguzi, mamba ake muwabwereza kambirimbiri. Akayang'ana kutsogolo, muyambirenso. Koma laputopu yakale imakwanitsa, ndipo luso la wojambula limaonekeratu.

Blender, pulogalamu ya 3D yaulere kuyambira 2002, imagwira ntchito mosiyana. Thupi mumaliumba kamodzi ngati mbiya, n'kuikamo mafupa. Kwa njoka zimenezi n'zokoma kwabasi: mafupa amalumikizana kuchokera kumutu mpaka kumchira, mukakoka fupa limodzi thupi n'kupindika lokha. Kamera mutha kuitsitsira ngakhale m'Dzenje la Chingwe la paphiri la Zomba n'kumuonera chapansi. Chovuta ndi makina. Nkhungu ya paphiri ndi madzi osefukira zimalemetsa kompyuta, fani n'kumalira usiku wonse, ndipo magetsi akathima ntchito imaima. Kuphunziranso kwake kumatenga nthawi.

Ine ndikuti anthu, midzi ndi mitengo ya paini zijambulidwe mu Krita. Napolo yekha aumbidwe mu Blender, mayendedwe ake atulutsidwe ngati zithunzi za 2D, zonse zikakumane mu Godot, pulogalamu yopangira magemu. Mukatero gemuyo idzatseguka ngakhale pa foni yotchipa.